Mbiri ya piritsi la alamu anga

Ndimakhala ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg umene kwathu timangoti ku Joni. Amalawi tilipo ambiri kuno. Ena amagulitsa nsalu ku Oriental Plaza, ena amaphika m'malo odyera a mu Mint Road. Tsiku lina alamu anga, amene panthawiyo anali oyembekezera, anabwera kuchokera kusikelo nkhope ili yakugwa. Ali pamzere, mayi wina anawauza kuti alendo tikutha mankhwala a eni dziko. Alamuwo ali ndi kachilombo ka HIV ndipo amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse. Anandifunsa kuti, "Alamu, kodi n'zoona kuti ife tikudya za eni?" Ndinalibe yankho tsiku limenelo, koma funsolo linandichititsa kufufuza kumene chithandizo chimenechi chidachokera.

Mu 1994, kafukufuku wa ACTG 076 amene adachitikira ku America ndi ku France adasonyeza kuti mankhwala a AZT amateteza mwana kuti asatenge kachilombo kwa mayi ake. Pa ana 100 alionse, amene ankatenga kachilombo adatsika kuchoka pa 25 kufika pa 8. Vuto lidali mtengo ndi kaperekedwe kake. Mayi ankamwa mankhwalawo kwa miyezi, pobereka ankamuika diripi, ndipo mwana ankamwa kwa milungu 6. Zipatala zathu sizikadakwanitsa zimenezi.

Choncho akatswiri adayamba kufunafuna njira yaifupi ndi yotsika mtengo, ndipo adaiyesera pa amayi a ku Africa ndi ku Thailand. Amayi ena ankapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala pofuna kuyerekezera zotsatira. Mu 1997, madokotala Peter Lurie, Sidney Wolfe ndi Marcia Angell adadzudzula mchitidwewu m'magazini ya New England Journal of Medicine. Funso lawo lidali lakuti: ngati mankhwala othandiza akudziwika kale, n'chifukwa chiyani mayi wosauka apatsidwe piritsi lopanda kanthu? Ena adayankha kuti popanda kuyerekezera koteroko, njira yoyenera maiko osauka sikadapezeka msanga. Mkangano umenewu udasintha kaganizidwe ka anthu pa malamulo a kafukufuku, koma ana ena a amayi amene adalandira mapiritsi opanda kanthu aja anali atatenga kale kachilombo.

Mu 1999, kafukufuku wa HIVNET 012 pachipatala cha Mulago ku Kampala adapeza kuti piritsi limodzi la nevirapine kwa mayi matenda a kubereka akayamba, ndi mlingo umodzi kwa khanda m'maola 72 oyamba, zimachepetsa kupatsirana pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi AZT wa masiku ochepa. Kuno ku South Africa, Glenda Gray ndi James McIntyre ankachita kafukufuku wa mtundu womwewu pachipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Komabe boma la Thabo Mbeki, kudzera mwa nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang, lidalola nevirapine m'malo oyeserera awiri okha pachigawo chilichonse. Bungwe la Treatment Action Campaign lidakasuma, ndipo pa 5 Julayi 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidalamula boma kuti lichotse chiletsocho.

Nevirapine wa kamodzi anali ndi zofooka ziwiri. Kachilombo ka amayi ena kankayamba kusamva mankhwalawo, ndipo mwana wopulumuka pobadwa ankathabe kutenga kachilombo kudzera m'bere. Kuuza mayi wa ku Mangochi kapena ku Dedza kuti aleke kuyamwitsa kudali kuika mwana pangozi ina, chifukwa mkaka wogula ndi wodula ndipo madzi aukhondo sapezeka paliponse.

Mbali ya yankho la vuto limeneli idapezeka ku Malawi. Ku Blantyre, kumene yunivesite ya Johns Hopkins yakhala ikugwira ntchito ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kafukufuku wa PEPI adatsatira makanda opitirira 3,000. Zotsatira zake, zimene Newton Kumwenda, Taha Taha ndi anzawo adasindikiza mu 2008, zidasonyeza kuti kupatsa khanda nevirapine mpaka milungu 14 kumachepetsa ndi theka ana otenga kachilombo poyamwa pofika miyezi 9. Ku Lilongwe, kafukufuku wa BAN wa UNC Project adatsatira amayi 2,369 ndi ana awo, ndipo mu 2010 adasonyeza kuti kupatsa mayi ma ARV kapena kupatsa mwana nevirapine kwa milungu 28 kumateteza mwana woyamwa. Amayi amenewa ankabwera kuchipatala mobwerezabwereza, kupereka magazi ndi mkaka wa m'mawere kuti uyezedwe. Maina awo sapezeka m'mabuku.

Kenaka mu Julayi 2011, Unduna wa Zaumoyo ku Malawi udachita chimene dziko lina lililonse linali lisanachite. Malangizo a panthawiyo ankafuna kuti mayi ayezedwe kaye CD4 kuti adziwe mankhwala omuyenera, koma makina oyezera anali ochepa ndipo amayi ambiri ankasowa asanamve zotsatira. Malawi adaganiza zopatsa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ma ARV kwa moyo wake wonse, popanda kudikira CD4. Njirayi idatchedwa Option B+. Amayi oyamba mankhwala adakwera kuchoka pa 1,257 m'miyezi itatu ndondomekoyi isanayambe kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala 2012. Mavuto analipo, poti amayi ena amene adayamba mankhwala tsiku lomwelo loyezedwa sankabweranso. Komabe bungwe la WHO lidaika njirayi m'malangizo ake mu 2013, ndipo South Africa idayamba kuitsatira mu Januwale 2015.

Izi ndi zimene ndinakafotokozera alamu anga. Ndinawauza kuti ndondomeko imene anamwino a kuno amatsata powapatsa piritsi lija idayambira kwathu, ndipo umboni wake udachokera kwa amayi a ku Kampala, Soweto, Blantyre ndi Lilongwe. Ndinawauzanso kuti mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng lidagamula kuti amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso ana osakwana zaka 6, ali ndi ufulu wothandizidwa kwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera.

Sindikunyoza mayi wa pamzere uja. Iyenso anadzuka m'mamawa n'kupeza anamwino ochepa ndi mzere wautali, ndipo mkwiyo wake unagwera pa munthu amene anali pafupi. Alamu anapitiriza kupita kusikelo yomweyo ndipo sanadumphe tsiku. Mwana anabadwa, anayamwa, ndipo atasiya kuyamwa anamuyeza komaliza n'kupeza kuti alibe kachilombo.