Zinayamba bwanji? Getsi la buluu pamwamba pa thanki ya anemone

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito pa nyumba ina kuno ku Durban. Abwana anga ali ndi thanki ya galasi ya madzi amchere, momwe muli tinsomba tonga Nemo wa mu filimu uja ndi chinthu chooneka ngati duwa chomwe amachitcha anemone. Tsopano andisiyira ine ntchito yosamala thankiyi, ndipo akufuna kugula getsi latsopano lomwe mtengo wake ukuposa malipiro anga a mwezi. Kodi zoti chinthu chimenechi chizifuna getsi lakelake, la buluunso, zinayamba bwanji? Kwathu ku Nkhata Bay ndinaonapo mbuna zikukhala m'thanki popanda zonsezi. — Wowerenga wa ku Durban

YANKHO: Achimwene, pa mbuna paja simunaname. Mbuna imadya ndi pakamwa, getsi ndi la inu kuti muziiona. Koma anemone wa abwana anuwo nkhani yake ndi ina. Choyamba, si duwa ayi. Ndi nyama, m'bale wa makorali ndi jellyfish, yokhala ndi pakamwa pakati ndi timanja toluma m'mbali. M'nyanja ya Malawi simungaipeze, chifukwa imafuna madzi amchere. Kufupi kwathu kuno imapezeka m'gombe la Mozambique, monga ku Pemba ndi ku Bazaruto.

Anthu oyamba kusunga zinthu zimenezi analibe getsi n'komwe. Mu 1828, Sir John Dalyell wa ku Scotland anatola anemone wamng'ono wofiira pa miyala ya ku North Berwick n'kumuika mu mtsuko wa galasi. Ankamusinthira madzi ndi kumupatsa kanyama ka nkhono za m'nyanja apo ndi apo, basi. Dalyell anamwalira mu 1851, anemone uja ali moyo. Anadutsa m'manja mwa osunga angapo, anabereka ana mazanamazana, anthu n'kumupatsa dzina loti Granny, ndipo anafera ku Edinburgh mu 1887, atakhala mu mtsuko zaka pafupifupi 60. M'zaka zomwezo, malo osungira nyama a ku London anatsegula nyumba ya nsomba mu 1853, ndipo mabuku a Philip Henry Gosse anachititsa kuti mabanja ambiri ku England ayambe kutola ma anemone m'gombe n'kumasunga pabalaza.

Nanga Granny anapirira bwanji popanda getsi? Mtundu wake, Actinia equina, ndi wa m'madzi ozizira ndipo umadalira zomwe wagwira ndi timanja. Vuto linabwera anthu atayamba kubweretsa ma anemone akuluakulu a m'nyanja zotentha. Ankawadyetsa bwinobwino, koma pakapita miyezi ingapo ankatuwa, kufota, kenako n'kusungunuka.

Chinsinsi chake chinali chitaoneka kale pa maikulosikopu. Mu 1881, katswiri wa ku Germany Karl Brandt ananena kuti timadontho tachikasu tomwe timaoneka m'thupi mwa nyama zina za m'nyanja si mbali ya nyamayo, koma ndi ndere zamoyo zomwe zikukhala m'kati mwake. Lero ndere zimenezi amazitcha zooxanthellae. Umboni woti nyamayo imadya thukuta la nderezi unabwera mu 1958, pomwe Leonard Muscatine ndi Cadet Hand ku California anaika kaboni wokhala ndi chizindikiro m'madzi a anemone wina wa m'gombe la kwawoko, n'kumutsata kaboniyo akuchoka mu ndere kulowa m'mnofu wa nyamayo. Zili ngati mwini esiteti ndi matenanti ake: anemone amapereka pogona ndi feteleza, kutanthauza zotsalira za m'thupi mwake, ndere zimalima ndi kuwala, ndipo gawo lalikulu la shuga yemwe zapanga limapita kwa mwini malo. Ndiye getsi lomwe abwana akufunalo si loti thanki izioneka bwino alendo akabwera. Ndi lolimira chakudya.

Tsono za buluu. Madzi amameza kuwala mosankha. Kufiira kumayamba kutha, moti mukatsika mamita ochepa chabe kambiri kamakhala katapita; buluu ndiye amafika pansi kwambiri. Ndere za m'makorali ndi m'ma anemone zinazolowera zimenezo, ndipo utoto womwe zimagwirira kuwala, monga wotchedwa peridinin, umagwira bwino buluu ndi buluu wopita kobiriwira. Osunga nsomba sanachite kupangirwa getsi lotere poyamba. Anabwereka la eni. Kampani ya Philips inkapanga machubu a buluu otchedwa 03, omwe kuwala kwake kumakhala cha pa ma nanomita 420, ogwiritsidwa ntchito m'makina osindikizira ndi okopera mapepala. M'zaka za m'ma 1980 osunga makorali anayamba kuwapachika pa mathanki awo, pambali pa mababu amphamvu a metal halide, mtundu womwe umaunikira mabwalo a mpira. Ku Berlin ndi komwe njira imeneyi inakhwimira, mpaka Dietrich Stüber anakwanitsa kukulitsa korali wolimba wa Acropora m'thanki, chinthu chomwe ambiri ankati n'chosatheka.

Mababu a metal halide aja, a mawati 250 kapena 400, anali abwino pa ndere koma oipa pa bilu, ndipo ankatenthetsa madzi mpaka munthu kugulanso makina oziziritsira. Kenako kunabwera machubu oonda a T5. Chomwe chinasintha zonse ndi LED ya buluu yowala, yomwe kampani ya Nichia ku Japan inatulutsa mu 1993. Shuji Nakamura, Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano analandira mphotho ya Nobel mu 2014 chifukwa cha ntchito imeneyi. Iwo sankaganiza za anemone, koma getsi la abwana anulo ndi mdzukulu wa ntchito yawo.

Tinene zoona, buluu wochuluka yemwe mumamuona m'masitolomo si wa ndere yekha. Ma anemone ambiri ali ndi mapuloteni omwe amati akalandira buluu amabweza kuwala kobiriwira kapena kofiira, ndiye mukathimitsa magetsi oyera n'kusiya a buluu, nyamayo imachita kuyaka. Wogulitsa amadziwa kuti munthu akaona zimenezo dzanja limapita lokha m'thumba. Sindikuti n'zoipa. Asayansi nawonso anakopeka nazo, moti puloteni ina yofiira yomwe amaikira chizindikiro m'maselo inachokera mwa Entacmaea quadricolor, anemone wa timanja totupa kunsonga, yemwe mwina ndi yemweyo ali m'thanki mwanu.

Posankha getsi, musadalire maso, ndipo musadalire mawati. Diso la munthu limaona bwino kuwala kobiriwira ndi kwachikasu, koma buluu limamuona mofooka, choncho getsi la LED limatha kuoneka ngati lachizimezime pomwe likuwotcha nyama pansipo. Mawati amangokuuzani magetsi omwe likudya. Muyeso womwe osunga amagwiritsa ntchito ndi PAR, womwe umawerenga kuwala kolimira, kuyambira ma nanomita 400 mpaka 700, pa malo enieni pomwe nyamayo yakhala. Dzuwa la masana kunja limafika cha m'ma 2,000. Kwa anemone wa timanja totupa, osunga ambiri amalangiza pakati pa 200 ndi 350. Ziphona monga Heteractis magnifica ndi Stichodactyla gigantea zimafuna kuposa pamenepo, ndipo zimafa kwambiri m'manja mwa anthu ongoyamba kumene. Ine ndingati zimenezo zisiyeni m'nyanja momwemo. Wa timanja totupa ndi wopirira, ndipo amadzigawa pakati kukhala awiri, moti mukhoza kugula wobadwira m'thanki osati wozulidwa pa mwala.

Kamakina koyezera PAR n'kodula, koma masitolo ena amabwereketsa. Auzeni abwana kuti abwereke kaye asanagule getsi, chifukwa mwina lakalelo likukwana. Muganizirenso kuya kwa thanki. Getsi lomwe likukwanira pa masentimita 40 silingakwanire pa 70.

Getsi latsopano likabwera, musalitsegule mphamvu zonse tsiku loyamba. Yambani cha pa theka, muzikweza pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, ndipo liziyaka maola 9 mpaka 12 pa tsiku pa nthawi yofanana. Kenako muziyang'ana mwini wakeyo, chifukwa anemone amayenda. Ali ndi phazi limodzi lomata pansi pake, ndipo akakhumudwa amanyamuka usiku. Mukadzamupeza m'mawa atakwera pamwamba pa mwala, thupi atalitalikitsa kulunjika ku getsi, ndiye kuti kuwala kwamuchepera. Akalowa kunsi kwa mwala, timanja atatifinya, kwamuchulukira, kapena madzi a pampu akumuwomba kwambiri. Akayamba kuyera mbee, musasangalale kuti wakongola. Watulutsa ndere zake, ndipo njala yayandikira. Zimenezi zimachitika kuwala kukakwera mwadzidzidzi kapena madzi akatentha kupitirira madigiri 24 mpaka 27 omwe amafuna, ndipo kutentha kwa madzi kotereku n'komwe kunayeretsa makorali ambiri mu nyanja ya Indian mu 1998. Woyera chotero mumudyetse tizidutswa ta nsomba kapena ta shrimp kawiri pa mlungu mpaka mtundu ubwerere. Ndiponso, poti amayenda, muphimbe pakamwa pa mapampu ndi kasefa. Anemone wolowa mu pampu amapukusidwa, ndipo madzi a thanki yonse amaonongeka usiku womwewo.

FUNSO: Dzuwa tili nalo lambiri kuno. Bwanji osangoika thankiyo pawindo? — Wowerenga wa ku Salima

YANKHO: Zinayesedwa, ndipo zinatheka. Lee Chin Eng wa ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, analemba mu 1961 za mathanki ake omwe ankadalira madzi a m'nyanja, miyala yamoyo yochokera m'nyanja momwemo, mpweya wopopa ndi kuwala kwa chilengedwe. Koma iye anali pafupi ndi nyanja, madzi akavuta ankatunga ena. Pawindo la ku Salima mwezi wa Okutobala, thanki yaing'ono imatentha msanga kuposa momwe anemone angapiririre, ndipo ndere zobiriwira zimaphimba galasi lonse. Dzuwa silikhala ndi batani lochepetsera.

FUNSO: Nanga magetsi akazima tsiku lonse, anemone amafa? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Chifukwa cha mdima ayi. M'nyanja namonso kumachita mitambo masiku angapo, ndipo anemone wathanzi amapirira masiku awiri kapena atatu popanda getsi. Chomwe chimapha msanga ndi madzi kuima. Mapampu akasiya, mpweya wabwino m'madzimo umatha m'maola ochepa, makamaka kukatentha, chifukwa mumdima ndere zija nazo zimapuma mpweya womwewo m'malo moupanga. Ngati muli ndi batire kapena inivetala yaing'ono, lumikizani pampu, getsi lidikire. Mulibe zimenezo, tengani jagi yoyera, muzitunga madzi a m'thanki momwemo n'kumawathira kuchokera m'mwamba mphindi zingapo zilizonse mpaka magetsi atayaka.