MAFUNSO NDI MAYANKHO: Phala la m'mawa lidachokera kuti?

Chisanu cha June ndi July chikafika kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwana wopita kusukulu m'mimba muli pululu amavutika kawiri, ndi njala ndi kuzizira komwe. N'chifukwa chake sabata ino tasonkhanitsa mafunso a owerenga athu a m'maboma awiriwa okhudza phala: kumene lidachokera, zimene zimalowamo, ndi kaphikidwe kake koti munthu akadya afike masana ali ndi mphamvu.

FUNSO: Ana a m'kalasi mwanga adandifunsa ngati makolo athu akalekale ankadya phala la chimanga monga ife lero. Ndiwayankhe chiyani? Mphunzitsi, Mvera, Dowa.

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni kuti phala lidayamba kale chimanga chisanafike kuno. Makolo athu ankalima mapira, mawere ndi mchewere, mbewu za mu Africa momwe muno. Ankazipera pamphero kapena kuzisinja mumtondo, ufa wake n'kuphikira nsima, phala ndi thobwa. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu adayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wam'tchire wotchedwa teosinte. Chidawoloka nyanja ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, kenaka n'kumalowa kumtunda pang'onopang'ono kudzera m'njira za malonda. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 adachipeza chikulimidwa, koma limodzi ndi mapira ndi mawere. Chidadzakhala chakudya chachikulu cha dziko lonse m'zaka za m'ma 1900, mpaka tidayamba kunena kuti chimanga ndi moyo.

Mtedza nawo udachokera ku South America ndipo udabwera ndi amalonda omwewo. Nzama ndi khobwe ndizo za kwathu kuno. Choncho phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene timaliona ngati lachikhalidwe chathu, lili ndi mbewu ziwiri zochokera kutsidya kwa nyanja. Zimene zili zathu ndi luso: kusinja, kusefa, kutendera ndi kuphika. Muwauzenso anawo kuti mawere sadathe ntchito. Ali ndi kashiamu wochuluka kuposa chimanga, ndipo phala lake limalimbitsa mafupa.

FUNSO: Kusikelo amatiuza kuti tizipatsa ana Likuni Phala. Dzinali lidachokera kuti, ndipo adayambitsa ndani? Mayi, Malomo, Ntchisi.

YANKHO: Mayi, dzinali ndi la Likuni, mishoni ya mpingo wa Katolika yomwe ili kufupi ndi mzinda wa Lilongwe. M'zaka za m'ma 1960, asisitere ogwira ntchito pachipatala cha Likuni ankalandira ana ambiri otupikana ndi onyentchera chifukwa chopereweredwa zakudya m'thupi. Adaona kuti mwana akachira n'kubwerera kumudzi, amakapezanso phala lomwe lija la ufa woyera ndi madzi basi. Choncho adafuna chakudya choti mayi aliyense atha kuchipanga yekha ndi zimene amalima. Adasakaniza chimanga, nyemba ndi mtedza, n'kugayitsa pamodzi. Patapita zaka soya adalowa m'malo mwa nyemba ndi mtedza, ndipo muyeso wodziwika lero ndi magawo 4 a chimanga pa gawo limodzi la soya. Makampani monga Rab Processors a ku Blantyre amawonjezeramo mavitamini ndi michere ina asanaike m'mapaketi.

Nzeru ya kusakanizaku ndi iyi. Zomanga thupi za m'chimanga n'zochepa, pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse, komanso n'zoperewera mbali ina yofunika yotchedwa lysine. Soya ali ndi zomanga thupi zoposa magawo 35 pa 100, ndipo lysine ali naye wambiri. Zikakumana mumphika umodzi, china chimakwaniritsa pamene chinzake chaperewera. Chonde musaganize kuti Likuni Phala ndi wa m'sitolo kapena wa kuchipatala kokha. Adamupangira inu amene muli ndi nkhokwe ya chimanga ndi thumba la soya pakhomo.

FUNSO: Kwathu amati mgaiwa ndi chakudya cha nthawi ya njala, ndipo mlendo sapatsidwa. Maganizo amenewa adachokera kuti? Kodi ufa woyera uli ndi vuto? Bambo, Madisi, Dowa.

YANKHO: Bambo, ulemu wa ufa woyera udachokera ku ntchito imene imalowapo. Chimanga chimakonoledwa, kupetedwa, kuviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kuyanikidwa, kusinjidwa kenaka n'kuyanikidwanso. Nsima yoyera mbuu inkaonetsa kuti pakhomopo pali chimanga chokwanira ndi mayi wodziwa ntchito yake. Mgaiwa udafala zigayo zitabwera, ndipo anthu ankauthamangira chimanga chikachepa popeza sutaya kanthu. Apo ndi pamene udatengera mbiri ya umphawi.

Koma taonani zimene zimatsala mu lichero. Pokonola timachotsa khungu la chimanga ndi kamtima kake, momwe muli mafuta, mavitamini a gulu la B ndi michere monga ayironi ndi zinki. Zonsezi zimapita ku madeya, n'kukanenepetsa nkhumba ndi nkhuku. Phala la mgaiwa limakhalitsa m'mimba chifukwa thupi limaligaya pang'onopang'ono, pamene la ufa woyera limatha msanga.

Inu a ku Madisi nkhaniyi si yachilendo. M'zaka za 2015 ndi 2016, zokolola zitavuta, anthu mazanamazana a m'dera la Kasese adapezeka ndi nthenda ya pellagra. Khungu la pakhosi, m'mikono ndi kumapazi limada n'kumasupuka, munthu amatsekula m'mimba, ndipo ikakula mutu umasokonezeka. Imayamba chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin, makamaka kwa anthu amene akudya chimanga chokhachokha. Eni chimanga a ku Mexico amachiphika ndi laimu kapena phulusa kuti vitamini ameneyu amasuke, koma luso limeneli silidabwere nacho kuno. Mwayi wathu ndi mtedza, umene uli ndi niacin wambiri. Supuni ziwiri za nsinjiro m'mbale ya phala si zokometsera chabe, zimateteza thupi. Mlendo mupatseni nsima yoyera ngati mwambo ukutero, koma phala la ana likhale la mgaiwa.

FUNSO: Soya timalima wambiri, koma ndikagayitsa ndi chimanga phala lake limanunkha chiwisi ndipo ana amadandaula m'mimba. Mbewu imeneyi idachokera kuti, ndipo ndikulakwitsa pati? Mayi, Mponela, Dowa.

YANKHO: Mayi, soya kwawo ndi ku China, kumene akhala akumulima kwa zaka masauzande. Kuno adafika nthawi ya atsamunda, ndipo wafala kwambiri m'zaka zaposachedwapa pamene alimi ambiri a m'chigawo chapakati akufuna mbewu ina yogulitsa pambali pa fodya. Mitundu monga Tikolore, Makwacha ndi Nasoko mukuidziwa. Popeza adabwera ngati mbewu yamalonda, ambiri tidaphunzira kumulima osaphunzira kumudya.

Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, ndipo ndi zimene zikupweteka anawo. Moto ndiwo umaziwononga. Fungo lachiwisi limadzuka soya wosakazinga akaphwanyika n'kukhudzana ndi madzi ozizira. Choncho chitani motere.

Sankhani soya bwinobwino, kuchotsa miyala ndi wofumbwa. Musamutsuke. Mukazingeni m'chiwaya pamoto wosalilima, mukutakasa osalekeza, kwa mphindi pafupifupi 20, mpaka asanduke wofiirira ndi kununkhira. Akazizira mukonoleni pang'ono mumtondo ndi kupeta kuti makoko achoke. Tengani mbale 4 za chimanga chouma, chosakonola, chosankhidwa bwino, pa mbale imodzi ya soya wokazingayo, mupite nazo kuchigayo. Ngati soya palibe, tengani mbale ziwiri za chimanga, imodzi ya mtedza wokazinga ndi imodzi ya nyemba zokazinga. Musagayitse wambiri nthawi imodzi, chifukwa ufa wamafuta suchedwa kuwonongeka. Wa milungu iwiri kapena itatu ndi wokwanira, ndipo muusunge m'chidebe chotseka bwino pamalo ouma.

Pophika, kapu imodzi ya ufa imafuna makapu atatu kapena anayi a madzi. Sungunulani ufawo m'madzi ochepa, muthire m'madzi otentha mukutakasa ndi mthiko kuti pasakhale mibulu. Likayamba kubwata chepetsani moto, livindikireni, lipse kwa mphindi 15 kapena 20. Thirani kamchere ka ayodini, nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira. Dzira, mkaka, ufa wa usipa kapena masamba a chammwamba ouma ndi osinja zimawonjezera mphamvu. Shuga akhale wochepa. Pambali pake ikani nthochi, papaya kapena bwemba, chifukwa zipatso zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'phalamo, pamene tiyi amalepheretsa.

FUNSO: Ife tidalera ana ndi phala lamadzimadzi. Lero alangizi akuti likhale lolimba. Nanga khanda limeza bwanji? Gogo, kwa Nthondo, Ntchisi.

YANKHO: Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo yankho lake muli nalo kale m'nyumba. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Phala likachuluka madzi, mwana amakhuta madziwo, chakudya chenicheni chili chochepa. N'chifukwa chake alangizi amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, kenaka ayambe phala loti mukapendeketsa supuni lisayenderere, uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Chofewetsa phala lolimba ndi chimera, chomwe chija mumathira mu thobwa. Mawere, mapira kapena chimanga zikamera, zimatulutsa mphamvu yosungunula ufa wophika. Phikani phala lolimba, muliphule, lizizire pang'ono, muthiremo kasupuni ka ufa wa chimera ndi kutakasa. Posachedwa liyamba kufewa popanda kuwonjezera madzi. Libwezereni pamoto libwatenso musanampatse mwana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno adali opinimbira. Vutoli limayamba mwana ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake n'kovuta kulikonza. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.

FUNSO: Mtedza wabwino timagulitsa, wotsala ndiye timasinja nsinjiro. Pali choopsa? Mlimi, Khuwi, Ntchisi.

YANKHO: Chilipo, bambo, ndipo n'chachikulu. Mtedza wofota, wosweka, wakuda kapena wowawa ndi umene umakhala ndi chuku, poizoni wochokera ku nkhungu imene imamera mbewu ikasungidwa isanaume. Chuku chimawononga chiwindi, chimayambitsa khansa, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikuchichotsa. Chimanga chowola nachonso chimakhala nacho. Umitsani mtedza mokwanira, musauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga, ndipo musauike pansi pachinyontho. Kaya ndi Chalimbana kaya CG7, wodya ana ukhale wosankhidwa bwino kuposa wopita kumsika. Woipawo tayani.

FUNSO: Nanga phala la kusukulu lidayamba liti? Wophunzira, Dowa boma.

YANKHO: Mwanawe, bungwe la World Food Programme lidayamba kupereka chakudya m'sukulu za m'boma la Dedza mu 1999. Mu 2002, chaka cha njala yoopsa, Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adayambitsa Mary's Meals m'dziko muno, ndipo poyamba ankadyetsa ana 200 okha. Lero bungweli limadyetsa ana ochuluka zedi m'Malawi ndi m'mayiko ena. Kuno chakudya chake ndi phala lomwe lija la chimanga ndi soya, ndipo ophika ndi makolo odzipereka a m'midzi yozungulira sukulu.

Komabe si sukulu zonse zimene zimalandira, ndipo Loweruka, Lamulungu ndi patchuthi mphika wa kusukulu suphika. Kwa makolo a ku Dowa ndi Ntchisi pempho lathu ndi ili: mavenda akabwera ndi masikelo awo nthawi yokolola, musagulitse zonse. Patulani soya ndi mtedza wokwanira phala la banja mpaka zokolola zina, ndipo mwana aliyense adye asanatuluke m'nyumba m'mawa. Pitirizani kutitumizira mafunso anu.