Gitala ya Hauyani ndi Malonda a Zoimbira Zogwiritsidwa Kale Ntchito Kumadzulo kwa Lilongwe

Choimbira chimene ku America chimatchedwa pedal steel ndi gitala yamagetsi yogonekedwa chagada pa miyendo inayi, imene woimba amaiimba atakhala pampando, dzanja lamanzere likutsetsereka kachitsulo kosalala pamwamba pa nsambo pamene lamanja likukodola nsambozo. Kawirikawiri khosi lake limakhala ndi nsambo 10, ndipo pansi pake pamakhala mapedulo oponda ndi mapazi pamodzi ndi tizitsulo tokankha ndi mawondo, zimene zimakunga kapena kukhwefula nsambo zina nyimbo ili mkati, kotero kuti mawu amakwera ndi kutsika mosadukiza. M'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mawu otere adafika ndi kholo la choimbirachi, lomwe ndi gitala wamba yogonekedwa pamiyendo ya woimba, imene Amalawi adaitcha hauyani potengera dzina la zilumba za Hawaii, ndipo mbiri yake siingalekanitsidwe ndi mbiri ya kugula, kukonza ndi kugulitsanso zoimbira zimene zidadutsa kale m'manja mwa anthu ena.

Kaimbidwe kameneka amati adakayamba ndi Joseph Kekuku wa pa chilumba cha Oahu cha m'ma 1889, ndipo kadafala ku America konse pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku San Francisco m'chaka cha 1915. Oimba nyimbo za country adakatengera msanga, moti zina mwa mbale za galamafoni za Jimmie Rodgers, zimene zidagulidwa kwambiri kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, zinali ndi kulira kwa gitala ya ku Hawaii kumbuyo kwa mawu ake.

Kuti gitala ifike m'mudzi wa kwa Kabudula panafunika ndalama, ndipo ndalama m'dera lino zinkachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali fodya. M'chaka cha 1920 A. F. Barron ndi mnzake R. W. Wallace adatsegula munda ku Mbabzi, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, ndipo posakhalitsa adayamba kugawa mbande kwa alimi a m'midzi yozungulira ndi kuwagula fodya wa chikopa, amene amaumitsidwa ndi utsi. Ulimiwu udakula mofulumira kotero kuti mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziuyang'anira, ndipo kuyambira pamenepo chaka cha mlimi wa m'chigwa cha Lilongwe chidagawika pawiri, miyezi yochepa imene ndalama zinali m'thumba fodya atagulitsidwa ndi miyezi yambiri ya dzinja imene zinali zitatha. Mbali yachiwiri inali ulendo wa kunja. Amuna ambiri ankalembedwa ntchito ndi Wenela, bungwe lotumiza anthu ku migodi ya golide ya ku Joni, ena ndi Mthandizi, lomwe linkawapereka ku minda ya Azungu ku Southern Rhodesia, ndipo ena ankangodzipitira okha potsata msewu wodutsa pa Namitete kulowera ku Fort Manning ndi Fort Jameson, omwe lero ndi Mchinji ndi Chipata. Wobwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale ankayembekezeka kufika ndi katundu woonetsa kuti sadapite pachabe, monga njinga, bulangeti, makina osokera, galamafoni, ndipo kwa wokonda kuimba, gitala kapena banjo. Gitala yotere nthawi zambiri inali itayenda kale ulendo wautali pa sitima, pa lole ndi pamutu, itamenyedwa ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo mwini wake akasowa ndalama ya msonkho kapena chimanga chikatha m'nkhokwe, inali m'gulu la zinthu zoyamba kugulitsidwa kapena kusinthanitsidwa ndi chiweto.

Wayilesi nayo idathandiza. Nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka, imene inkafalitsa mapologalamu m'Chinyanja ku mayiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, idayamba kumveka m'midzi pamene kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special kadayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo oimba gitala monga Alick Nkhata adadziwika kutali ndi kwawo.

Chofunika kumvetsa pa hauyani ndi chakuti sichinali choimbira chogula m'sitolo chili chokonzeka, koma gitala wamba imene mwini wake ankaisintha yekha. Kumutu kwa khosi la gitala kuli kachidutswa kamene nsambo zimatsamirapo, ndipo woimba ankakweza malo amenewo poikapo msomali, kafupa kapena kamtengo kolimba kuti nsambo zitalikirane ndi khosi ndipo botolo kapena mpeni zikamatsetsereka zisagunde tizitsulo topingasa timene zala zimakanikizapo pa gitala wamba. Kenaka ankakunga nsambo m'njira yoti zikakodoledwa zonse pamodzi, popanda chala chilichonse kuzigwira, zipereke mawu ogwirizana, ndipo akasuntha botolo m'munsi kapena m'mwamba mawu onse ankasunthira limodzi. Nsambo ikaduka, waya wa mabuleki a njinga ankalowa m'malo mwake, chikhomo chokungira chikathyoka, mmisiri wa matabwa ankasema china. Khutu la Mchewa silinali lachilendo ku mawu oyenda motsetsereka, pakuti kaligo, choimbira cha nsambo imodzi choimba ndi kauta, nachonso chilibe tizitsulo togawa mawu pa khosi lake, ndipo n'zosadabwitsa kuti kulira kwa hauyani kudalandiridwa ngati chinthu chapafupi ndi mawu a munthu.

Kusinthaku kudakhudza malonda m'njira yoyenera kuiganizira mofatsa. Gitala imene khosi lake lapindika, kapena imene tizitsulo take taperepeseka, ndi yakufa kwa woimba wokanikiza nsambo ndi zala, chifukwa nsambozo zimakhala patali kwambiri ndipo mawu amasokonekera. Kwa woimba hauyani chilema chomwecho sichivuta konse, popeza iye safuna kuti nsambo zikhudze khosi. Motero gitala yotsika mtengo koposa, imene mwini wake woyamba adaitaya mtima, inkapeza moyo wachiwiri m'manja mwa munthu amene sakadakwanitsa kugula yatsopano m'masitolo a Amwenye ku Lilongwe. Wogula wanzeru ankayang'ana ngati thupi la gitala silidang'ambike, ngati kamtanda kogwira nsambo pamimba sikakumatuka, ndi ngati zikhomo zikugwira osabwerera, pakuti zimenezo ndizo zinkalamula ngati choimbiracho chilira kapena ayi. Dzina la fakitale linalibe kulemera kumene ogula a kunja amalipatsa, ndipo maganizo amenewa, oyesa choimbira ndi ntchito imene chingagwire lero osati ndi maonekedwe amene chidatuluka nawo kwa wopanga, ndi anzeru kuposa momwe anthu ambiri amawaonera.

Oimba otchuka a dziko lino akuchitira umboni mwambo womwewu wodzisinthira gitala wamba. Ndiche Mwarare ndi gulu lake la Ndiche Brothers amakumbukiridwa chifukwa cha gitala ya hauyani, ndipo Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene katswiri wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik adakumana naye ku Blantyre mu 1967, ankachotsa dala nsambo imodzi pa gitala yake kuti aziimba ndi zisanu, zimene ankazikunga m'njira zakezake. Kubik ndi Moya Aliya Malamusi adasunga ndi kufotokoza zambiri za kaimbidwe ka magitala a ku Malawi, monga momwe Hugh Tracey adajambulira nyimbo za dziko lino m'maulendo ake a 1950, 1957 ndi 1958.

Pa nthawi yomweyo, ku America gitala ya ku Hawaii inali kusinthidwanso ndi eni ake, koma molowera kwina. Itaikidwa magetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, amisiri monga Paul Bigsby adaiwonjezera mapedulo, ndipo Bud Isaacs ataponda pedulo nsambo zili kulira m'nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, imene idatchuka mu 1954, oimba ambiri adathamangira kumangirira mawaya ndi zitsulo pa magitala awo akale kuti apeze mawu omwewo. Mpaka lero wogula pedal steel yogwiritsidwa kale ntchito amayamba wafunsa kuti pedulo iliyonse imakunga nsambo ziti ndi kuti mwini wake wakale adawonjezera kapena kuchotsa chiyani, chifukwa oimba amakonda kukonza makina apansiwo molingana ndi mapazi ndi mawondo awo. Mu Africa choimbirachi chidamveka kwambiri ku Nigeria, kumene Demola Adepoju ankachiimba m'gulu la King Sunny Adé, makamaka pa chimbale cha Juju Music cha 1982. Kwa woimba wa ku Nsaru kapena Nambuma zotchinga zinali zoonekeratu, pakuti pedal steel ndi yokwera mtengo, ndi yolemera moti siyenda bwino pa njinga, imafuna magetsi ndi chokuzira mawu, ndipo tizitsulo take tapansi sitingasemedwe ndi mmisiri wa matabwa ngakhale waluso ngati amene amaphunzira pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete. Komabe mawu ake adafika m'nyumba za alimi a fodya kudzera pa wayilesi ya MBC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuulutsa nyimbo za country.

Njira imene inkabweretsa katundu wa ku migodi idatsekeka mwadzidzidzi mu April 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku Joni. Kulembako kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, koma anthu opita anali ochepa poyerekeza ndi kale, mpaka kudatheratu mu 1988. Anyamata a m'midzi adapitiriza kudzipangira okha mabanjo ndi magitala kuchokera ku zigubu za mafuta, zikopa za mbuzi ndi mawaya a njinga, ndipo luso lotsetsereka botolo pa nsambo lidasamukira pa babatoni, choimbira chachikulu cha mawu a besi chokhala ndi khosi lalitali la mtengo ndi mimba yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wake ndi botolo m'dzanja lina ndi kamtengo m'dzanja linalo, ndipo gulu la Madalitso Band la Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, limene lidayamba ndi kuimba m'misewu ya Lilongwe, lakhala likuyenda ndi babatoni wa nsambo imodzi wopanga okha m'mayiko a ku Ulaya kuyambira pamene lidaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017.