Kainjini ka nitro ndi mbiri ya kutchipa kwake

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya chinthu chaching'ono kwabasi, chokwana m'dzanja lanu: injini ya nitro yomwe imayendetsa timathiraki ta mpikisano toyendera rimoti. Musatiderere timathirakiti poganiza kuti ndi zidole za ana. Ambiri mwa inu mudapangapo galimoto ya mawaya, injini yake ili pakamwa panu. Izi ndi zina. Kathiraki kake n'kotalika ngati theka la mita, kamamwa mafuta enieni, kamatulutsa utsi, ndipo injini yake imazungulira maulendo oposa 30,000 pa mphindi imodzi. Ya minibasi yomwe mwakwera m'mawa uno nthawi zambiri sifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro limenelo.

Tsono munthu amene ali ndi kathiraki kotere, injini yake ikatha, amakumana ndi funso lozunguza mutu. Pamsika apeza injini ziwiri zofanana kukula, zofanananso maonekedwe, koma ina mtengo wake ukuwirikiza inzake katatu. Atenge iti? Yankho lake lili m'mbiri ya kainjinika. Nthawi iliyonse yomwe kadatsika mtengo, panali china chomwe opanga adachotsapo, kapena ntchito ina yomwe adamusenzetsa mwini wake. Mukadziwa chomwe chidachotsedwacho, mudziwanso chomwe mukugula.

Injinizi sizidayambire pa galimoto ayi, zidayambira pa tindege. M'zaka za m'ma 1930 ku America, mnyamata wina wa ku Philadelphia, Bill Brown, adapanga injini yotchedwa Brown Junior. Inkayendera petulo ndipo inkayaka ndi moto wa pulagi ngati galimoto wamba. Apa panafunika koilo, mabatire ndi mawaya, zonsezo kandege kazisenze m'mwamba. Zinali zolemera, zodula, ndipo waya umodzi ukangomasuka, basi ulendo wathera pomwepo. Ku Japan nako, Shigeo Ogawa adayambitsa kampani yake mumzinda wa Osaka mu 1936. Ndi yomwe lero timaidziwa kuti O.S., ndipo mudzaliona dzinali paliponse pogulitsa injini za nitro.

Kusintha kwakukulu kudabwera mu 1947 pomwe Ray Arden, wa ku America komweko, adatulutsa pulagi ya mtundu wina yotchedwa glow plug. M'kati mwake muli kawaya kopota kokhala ndi platinum. Poliza injini mumakatenthetsa ndi batire kwa kanthawi kochepa, injini ikalira mumachotsa batire ija. Kawayako kamapitiriza kuyaka kokha, chifukwa platinum akakumana ndi nthunzi ya methanol amatentha, kuphatikiza apo ndi kutentha kwa moto wa m'silindamo. Koilo, mabatire ndi mawaya zidatayidwa kutali. Injini idapepuka, mtengo n'kutsika.

Koma taonani chomwe chidalowa m'malo mwake. Petulo wa pafilingi siteshoni sagwira ntchito m'injini imeneyi. Imafuna methanol, yemwe ndi m'bale wake wa mowa koma ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha. M'methanol amathiramo nitromethane, komwe kudachokera dzina loti nitro. Mankhwala amenewa amabwera ndi oxygen wakewake, n'chifukwa chake injini imatha kutentha mafuta ambiri pa kuphulika kulikonse n'kupereka mphamvu zochuluka. M'mafuta a timagalimotoyi nitromethane amakhala pakati pa magawo 10 ndi 30 pa 100 alionse. Injini ilibe posungira oyilo, choncho oyilo amasakanizidwa m'mafuta momwemo, ndipo wakale kwambiri pa ntchitoyi ndi mafuta a nsatsi, nsatsi yomweyi imamera kuseri kwa nyumba zathu. Ndalama yomwe munthu adapulumutsa pa koilo adayamba kuilipira pa botolo lililonse la mafuta. Chinanso, nthawi yoti moto uphulike m'silinda siyendera makina, imadalira kutentha kwa pulagi ndi kuchuluka kwa mafuta olowa. Ntchito yotchuna idagwera mwini injini, ndi khutu lake komanso kasikuludilaiva kake.

Amene adaonetsa dziko kuti injini yabwino ikhoza kutchipa ndi Leroy Cox wa ku California. Mu 1956 adatulutsa Babe Bee, kainjini kosakwana cc imodzi, komwe kankagulitsidwa pa mtengo wosafika madola 4. Chinsinsi chake sichinali kugwiritsa ntchito zitsulo zachabechabe. Anali ndi makina osema zida zambirimbiri zofanana ndendende, moti pisitoni ndi silinda zinkakwanirana bwino popanda mmisiri kukhalira kupala chimodzichimodzi. Tinjini ta Cox tidagulidwa mamiliyoni. Phunziro la apa musaliiwale: kutchipa kobwera chifukwa chopanga zambiri mwaluso n'kosiyana ndi kutchipa kobwera chifukwa chopanga mwachinyengo.

Pakati pa zaka za m'ma 1960 anthu adayamba kutsitsa injini za tindege n'kuziika pa timagalimoto toyendera wailesi. Oyamba anali a mpikisano wa pa tala. Mipikisano itachuluka padafunika malamulo. Ku America kudabadwa bungwe la ROAR mu 1967, ndipo la dziko lonse, IFMAR, lidadza mu 1979. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa timagalimoto ta nitro tothamanga pafumbi, tomwe kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a galimoto yeniyeni, udachitikira ku Grenoble ku France mu 1986. Lamulo lomwe lidaumba msika wonse ndi lakuti injini isapose 3.5cc, yomwe pabokosi amailemba kuti .21.

Mwaona vuto lake? Ngati simuloledwa kukulitsa injini, mphamvu yoonjezera muipeza kuti? Muisaka m'tinthu ting'onoting'ono: kasemedwe ka timabowo tolowera mafuta, kulemera kwa shafiti, ubwino wa mabeyaring'i. Amisiri a ku Italy ndiwo adatchuka pa luso limeneli. Cesare Rossi adayambitsa Novarossi mu 1984, ndipo kampaniyi, pamodzi ndi Picco ya ku Italy komweko ndi O.S. ya ku Japan, idakhala dzina lomveka m'mabwalo a akatswiri. Injini zodula zija gwero lake ndi limeneli. Mtengo wake ndi wa timasekondi tochepa tomwe katswiri amafuna kuti apose katswiri mnzake. Munthu amene akugundabe mapaipi a m'mbali mwa bwalo ndi kugudubuzika pa chulu chilichonse, timasekondi timeneto sangatione n'komwe.

Pali chinthu china cha nthawi imeneyi chomwe ndi mtima wa nkhani yonse. Injini zambiri za timagalimotoyi zilibe maring'i pa pisitoni. Zimapangidwa mwa njira yotchedwa ABC: pisitoni ya aluminiyamu, yoyenda m'kachubu ka mkuwa kokutidwa ndi chrome m'kati. Kachubu kameneka, komwe amati silivi, n'kopanikiza pang'ono kumwamba kwake. Injini ikazizira, pisitoni imachita kuthina ikafika pamwamba. Ikatentha, mkuwa umafutukuka ndipo zonse zimakwanirana bwino. Kuthina kumeneku ndiwo moyo wa injini. Kukatha, injini imavuta kuliza, imazima ikangotentha, ndipo palibe kutchuna komwe kungaibweze. Mankhwala ake n'kugula pisitoni ndi silivi zatsopano. Opanga ena pofuna kutchipitsa amakuta ndi nickel m'malo mwa chrome, njira yotchedwa ABN. Zimenezo si zoipa pazokha, koma chrome ndi wolimba kuposa nickel.

Mpaka m'zaka za m'ma 1980, wofuna kagalimoto ka mpikisano ankagula zida m'bokosi n'kumanga yekha, injini n'kugula payokha. Kampani ya Traxxas, yomwe idayamba ku Texas mu 1986, idatchuka pogulitsa timagalimoto tomangiratu. Mu 1999 idatulutsa T-Maxx, kathiraki ka matayala akuluakulu kokhala ndi injini ya 2.5cc, koliza ndi kamota kamagetsi, kotha kubwerera m'mbuyo. Kadagulidwa ngati zitumbuwa pa depoti. Kampani ya HPI idayankha ndi Savage mu 2002. Posakhalitsa a mpikisano adayamba kutenga chimango cha kagalimoto ka mpikisano wa pafumbi, kukatalikitsa miyendo ndi kukaveka matayala a thiraki. Apa m'pomwe padabadwira truggy, yomwe ndi thiraki ya mpikisano yeniyeni ya masiku ano. Ogula atachuluka chotere, mafakitale a ku Taiwan monga SH, Force ndi GO adadzaza msika ndi injini zotsika mtengo, zambiri zikugulitsidwa ndi mayina a makampani ena. Inali nkhani ya Cox yobwerezedwa: kupanga zambiri kuti mtengo ugwe.

Kenako, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, mamota amagetsi opanda maburashi ndi mabatire a LiPo adafika pothamanga mofanana ndi nitro, opanda phokoso, opanda kutchuna. Ogula ambiri adasamukira kumeneko. Nitro sidafe, m'mabwalo a mpikisano ikulirabe, koma msika wake udachepa ndipo mitundu ina ya injini idasiya kupangidwa. Kwa wogula wa lero zimenezi zili ndi tanthauzo lalikulu: injini ikhoza kutchipa chifukwa chakuti zida zake zosinthira zidasowa kale.

Ndiye mukaima pamaso pa injini ziwiri zija, funso loyamba lisakhale la mphamvu. Funsani mtengo wa pisitoni, silivi, kondirodi ndi mabeyaring'i ake, komanso ngati zikupezeka. Zimenezi zidzatha ndithu, kaya injini ndi ya ku Osaka kaya ya ku Taiwan. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Injini ya dzina lapakatikati yomwe zida zake mungazipeze mawa ndi yabwino kuposa ya dzina lalikulu yomwe zida zake zili m'maloto. Ndipo ngati pisitoni ndi silivi zikufika pafupi ndi mtengo wa injini yonse, dziwani kuti mukugula chinthu chogwiritsa ntchito n'kutaya.

Kukula kwake nako kuganizireni mofatsa. Thiraki ndi yolemera, choncho ambiri amathamangira .28, yomwe ndi 4.6cc, poti imakoka mwamphamvu ponyamuka. Posewera pabwalo la mpira zimenezo n'zabwino. Koma pa mpikisano thanki ya truggy imaloledwa 150cc basi, mafuta ongokwana mphindi pafupifupi 10, pomwe mpikisano womaliza umatha kutenga mphindi 45 kapena ola lathunthu. Injini yomwa kwambiri imakuimitsani kawirikawiri kuti muthire mafuta, anzanu akudutsa. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a truggy amakhalabe pa .21. Onaninso malamulo a bwalo lomwe mukathamangepo, komanso ngati injiniyo ikukwana pa thiraki yanu. Injini za 2.5cc ndi za 3.5cc zimasiyana pomangira, shafiti ndi paipi ya utsi, ndipo kusintha zonsezi kukhoza kudya ndalama yonse yomwe mumati mwapulumutsa.

Musakopeke ndi kuchuluka kwa timabowo ta m'silivi tolembedwa pabokosi. Injini ya timabowo 3 yopangidwa bwino imakoka mosalala ndipo sivuta kutchuna. Za timabowo 5 kapena 7 zimakonda liwiro lapamwamba, lomwe pabwalo la makona ambiri simulifikira kawirikawiri. Chofunika kwambiri ndi kabyuleta yosunga matchunidwe ake. Ikamalowetsa mpweya m'mbali, tsiku lonse mukhala mukupotokola masingano, dzuwa n'kulowa musanathamange. Kalizidwe kakenso kali ndi mtengo: ya chingwe chokoka sifuna china chilichonse, pomwe za mpikisano zambiri zimafuna bokosi lolizira lomwe mugule palokha.

Za injini yakaunjika, chenjerani kawiri. Izungulitseni ndi dzanja ili yozizira. Ngati pisitoni ikudutsa pamwamba popanda kuthina, moyo wake udapita. Ikamamveka ngati muli mchenga, mabeyaring'i adachita dzimbiri, chifukwa methanol amakoka chinyezi ndipo injini yosungidwa ndi mafuta m'kati imadyeka ili chikhalire.

Mukagula, kumbukirani ntchito ija Arden adatisiyira. Injini yatsopano imafuna kuizoloweretsa pang'onopang'ono kwa mathanki angapo, mafuta ali ochulukirapo, mukuilola kutentha ndi kuzizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pothamanga, mutu wake uzikhala pakati pa madigiri 100 ndi 130. Mukaimana mafuta pofuna liwiro mwaimananso oyilo, poti zimalowera limodzi. Sefa ya mpweya izikhala yoyera ndi yopaka oyilo, chifukwa fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa, injini ya madola ambiri ndi yotchipa zimafa imfa imodzi.

Kwa inu amene muli kuno kumudzi, pali funso lina loyenera kubwera musanaitanitse chilichonse: mafuta muwapeza kuti? Mafuta a nitro ali m'gulu la katundu woyaka msanga, satumizidwa pandege ngati phukusi wamba. Injini ikhoza kufika m'kabokosi kakang'ono, koma popanda methanol ndi nitromethane ikhala chokongoletsera pashelefu.

Kuchokera pa Brown Junior mpaka pa truggy, mtengo wa kainjinika sudasowe, udangosamuka: kuchoka pa koilo kupita m'botolo la mafuta, kuchoka kwa mmisiri wa kufakitale kupita m'manja mwanu. Choncho powerengera, ikani pamodzi injini, pisitoni ndi silivi zachiwiri, mapulagi ndi mafuta a chaka chonse. Yotchipa ndi yomwe ikupambana pa masamu amenewo.