MWANA WA MNZAKO NGWAKO YEMWE: MBIRI YA THUMBA LA SUKULU KU PHALOMBE

Makolo akale anali ndi mwambo pogawa chakudya. Mayi akapakula nsima ankayamba wayang'ana nkhope za ana. Wodwala ankamuphikira phala lake, wochokera kudambo kolisha mbuzi ankamuonjezera mtanda, ndipo mwana wamasiye sankadya mkute pamene eni nyumba akudya yamoto. Kugawa bwino kunali kudziwa njala ya aliyense. Mwambo umenewu ndiwo muyeso woyenera kuyezera mbiri ya ndalama za sukulu m'boma la Phalombe.

M'masiku a atsamunda thumba la sukulu linali m'manja mwa amishoni. Boma la Nyasaland linayamba kuthandizapo m'chaka cha 1907, pamene linapereka mapaundi 1,000 kuti mishoni zonse za m'dziko muno zigawane, ndipo dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Chigwa cha Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, chinali chitalandira Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique, ndipo ochuluka mwa iwo moyo wawo unali wa khasu ndi thangata. Sukulu inkamangidwa pomwe pali tchalitchi. Mwana wobadwira pafupi ndi belu ankaphunzira. Wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa ankakula akudziwa ukonde ndi bwato basi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, sukulu zinachuluka, koma fizi inatsala. Inali ndalama yooneka yochepa kwa wolandira malipiro pamwezi, koma kwa mlimi wodikira kugulitsa nandolo linali phiri. Aphunzitsi aakulu ankabweza ana osalipira, ndipo m'banja losauka pakafunika kusankha, kawirikawiri wotsala pakhomo anali mtsikana. Nthawi imeneyo Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje, kotero madandaulo a sukulu za ku Chiringa kapena Nambazo ankayenda ulendo wozungulira phiri asanafike pa desiki ya bwana woyenera.

Chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana m'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chimwemwe chachikulu, komabe walira mvula walira matope. Makalasi anasefukira, mitengo ya mango inasanduka zipinda zophunziriramo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito, amene pambuyo pake anasulidwa kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Bungwe la MASAF linathandiza kumanga midadada, anthu a m'midzi akuumba njerwa ndi kututa mchenga. Apa napo panali kansalu kobisa tsankho: mudzi wa mfumu yochangamuka ndi anthu odziwa kulemba kalata unkapeza mdadada, pomwe mudzi wosauka kwambiri, umene anthu ake anali pa ganyu tsiku ndi tsiku, unkatsalira.

M'chaka cha 1998 zinthu ziwiri zinachitika pamodzi. Phalombe anapatulidwa ku Mulanje nakhala boma paokha, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, lopereka mphamvu ku anthu. Sukulu za pulayimale zinayikidwa pansi pa khonsolo, ndipo mapulani anayenera kuyambira pansi: komiti ya sukulu, alangizi a m'mazoni, ofesi ya maphunziro ya paboma, kenaka khonsolo. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, bajeti ya boma inkadutsa popanda munthu wosankhidwa ndi mudzi woti afunse chifukwa chimene sukulu yakwawo yaiwalidwira.

Kusintha kwenikweni kunadza pamene ndalama zinayamba kulowa m'buku la kubanki la sukulu iliyonse. Ndondomeko yotukula sukulu za pulayimale, yodziwika kuti PSIP, inayamba m'maboma ochepa mu 2010 ndipo inafalikira dziko lonse cha mu 2013. Makolo, mafumu, aphunzitsi ndi amayi a m'magulu osamalira atsikana ankakhala pansi kulemba zosowa za sukulu yawo. Pa K100 iliyonse, K50 inkapita ku zokweza maphunziro, K40 ku zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pasukulu, ndipo K10 ku kayendetsedwe ka sukulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kwa nthawi yoyamba mayi wosadziwa kulemba anali ndi mawu pa ndalama za boma.

Komabe m'zaka zoyambazo ndalamazi zinkawerengedwa potengera makamaka kuchuluka kwa ana, ndipo nthawi zambiri zinkafika mochedwa. Thumba la simenti logulidwa pa Migowi silifika ndi mtengo womwewo ku sukulu ya kufupi ndi Mpoto, kumene msewu umaduka dzinja likafika. Mphunzitsi naye amakonda sukulu ya pafupi ndi msika, chipatala ndi magetsi, kotero sukulu zakutali zimatsala ndi aphunzitsi owerengeka, ngakhale kuti bomali tsopano lili ndi koleji yakeyake yosulira aphunzitsi. Chipande chofanana chikagwera m'mbale za ana a njala zosiyana, wina amachoka wakhuta, wina akunyambita zala.

Phalombe alinso ndi vuto limene wolemba bajeti sayenera kuliiwala. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anabwereza zomwezo. Sukulu zinatsekedwa, zina zinagumuka, zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Madzi akaphwa, mwana wa wolemera amagula makope ena n'kubwerera m'kalasi. Wa wosauka amatsikira ku Chilwa kukakoka ukonde, kapena amaoloka malire kukagwira ganyu, ndipo mtsikana amamva za ukwati msinkhu usanakwane. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, koma lamulo silimanga mlatho.

Thumba la sukulu layenda ulendo wautali, kuchoka kwa mmishoni, kupita ku likulu, kutsikira paboma, mpaka kufika pansi pa mtengo pomwe komiti imakumana. Tsopano wogawa ndi mnansi wa wolandira, ndipo sanganene kuti sadziwa khomo limene moto sunayake dzulo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Khansala, mfumu ndi wapampando wa komiti akamakhala pansi kugawa ndalama za chaka, ayambe afunsa za mwana wokhala kutali kwambiri ndi belu.