Citetezo ca Wi-Fi: Makiyi Acinsinsi ndi Kutsimikizira Olowa

Wi-Fi ndi njira yolumikizira makompyuta ndi mafoni ku intaneti popanda waya. Uthenga umayenda pa mafunde a wailesi, kawirikawiri a 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mafundewa sathera pa cipupa ca nyumba kapena ofesi, ndipo munthu amene waima kunja kwa mpanda angathe kuwatola. Pa cifukwa ici, citetezo ca Wi-Fi cagona pa zinthu ziwiri: kubisa uthenga ndi kiyi yacinsinsi kuti woutola alephere kuuwerenga, ndi kutsimikizira kuti wolowa ndi munthu wololedwa.

Njira yoyamba yobisira uthenga inali WEP, imene inabwera pamodzi ndi malamulo a IEEE 802.11 m'caka ca 1997. Kiyi yake inali ya mabiti 40, pambuyo pake 104, ndipo makina onse anali kugwiritsa nchito kiyi imodzimodziyo kwa nthawi yaitali. M'caka ca 2001 akatswiri atatu, Scott Fluhrer, Itsik Mantin ndi Adi Shamir, anaonetsa kuti munthu akatola uthenga wocuruka angathe kuitulukira kiyiyo mwa masamu. Pofika 2007, ofufuza a pa yunivesite ya ku Darmstadt m'dziko la Germany anali kuthyola WEP mphindi imodzi isanathe. Caka comweco kampani ya masitolo ya TJX ku America inalengeza kuti mbala zinaba manambala a makadi a ku banki oposa 45 miliyoni, ndipo zinapezeka kuti zinalowera pa Wi-Fi ya m'masitolo imene inali ndi WEP.

Bungwe la Wi-Fi Alliance linabweretsa WPA m'caka ca 2003 monga yongogwirizira, ndipo mu 2004 kunabwera WPA2, imene imabisa uthenga ndi njira yolimba ya AES. M'nyumba ndi m'mabizinesi aang'ono, WPA2 imadalira mau acinsinsi a zilembo 8 kufikira 63. Mauwa satumizidwa pa mafunde. Foni ndi rauta, ndiko kuti makina ogawa Wi-Fi, zimatumizirana mauthenga anai otsimikizira kuti zonse ziwiri zikuwadziwa mauwo, kenaka zimapanga kiyi yatsopano ya kulumikizana kumeneko.

Pofooka pa WPA2 ndi pa mau acinsinsi enieniwo. Mbala ikatola mauthenga anai aja ingathe kucoka pamalopo ndi kukayesa mau miyandamiyanda pa kompyuta yake, mwini rauta osadziwa kanthu. Dzina la mwana, nambala ya foni kapena caka cobadwa zimapezeka msanga. Mu 2011 kunadziwikanso kuti WPS, njira yolumikizira ndi nambala ya manambala 8, ingathyoledwe mwa kuyesa nthawi zosaposa 11,000. Mu 2017 wofufuza wa ku Belgium, Mathy Vanhoef, anaulula vuto lochedwa KRACK, limene linali kukakamiza makina kubwereza kiyi yogwiritsidwa kale nchito. Opanga makina analikonza mwa kutulutsa mapulogalamu atsopano.

WPA3 inalengezedwa mu 2018. Imagwiritsa nchito njira yochedwa SAE, imene imaletsa kuyesa mau acinsinsi patali: pa kuyesa kulikonse mbala iyenera kulankhulana ndi rauta. Ndiponso ngakhale mau acinsinsi atadziwika m'tsogolo, uthenga umene unatoledwa kale sungathe kutsegulidwa nao.

M'mabungwe akuluakulu mau amodzi ogawana sakwanira, cifukwa wanchito akasiya nchito amacoka akuwadziwa. Kumeneko amagwiritsa nchito 802.1X: munthu aliyense amakhala ndi dzina ndi mau acinsinsi akeake, kapena ciphaso ca pa kompyuta, ndipo seva ya RADIUS ndiyo imavomereza kapena kukana. Foni nayo iyenera kuyamba yaona ciphaso ca seva, kuopera kupereka mau acinsinsi kwa rauta yonyenga imene yatenga dzina la Wi-Fi ya bungwelo. Umu ndi mmene eduroam imagwirira nchito m'mayunivesite a maiko ambiri, ndipo muno m'Zambia imayendetsedwa ndi bungwe la ZAMREN.

Kubisa dzina la Wi-Fi, kapena kulola makina molingana ndi nambala yao ya MAC, sikuteteza kwenikweni, pakuti zonsezi zimaoneka kwa wotola mafunde ndipo nambala ya MAC imakopedwa mosavuta. Mwini rauta kapena MiFi ayenera kusankha WPA3, kapena WPA2 ya AES, kuika mau acinsinsi aatali osakhudzana ndi banja lake, kuzima WPS, kusintha mau olowera m'rauta amene anabwera nao kucokera ku fakitale, ndi kuika mapulogalamu atsopano akatuluka. Rauta imene ili ndi WEP yokha yafika poicotsa.