Zimene Alendo Analemba za Dziko Lino

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo wodziwa kulemba amasiya mawu amene amakhala zaka mazanamazana.

Angoni a Maseko asanaoloke Zambezi, Aluya anali atalemba kale za mbali ino ya Africa. Al-Masudi wa ku Baghdad anayenda m'mphepete mwa nyanja ya mchere cha m'ma 916. Analemba kuti minyanga ya njovu inkapita ku Oman, n'kukafika ku India ndi ku China, ndiponso kuti anthu a kumeneko ankapha mfumu yawo ikasanduka yankhanza. Mu 1331, Ibn Battuta wa ku Morocco anafika ku Kilwa, natama kukongola kwa mzindawo, namva kuti golide amadzera ku Sofala. Awiriwa anathera kugombe. Za kumtunda anangozimva kwa amalonda.

Mu 1616, Mpwitikizi Gaspar Bocarro anayenda pamtunda kuchokera ku Tete, nadutsa dziko la Amaravi mpaka ku Kilwa. Mu 1863, David Livingstone anadzera ku mtsinje wa Rivirivi, naona mtandadza wa mapiri a ku Ntcheu, naupatsa dzina la mnzake John Kirk, ngati kuti eni nthaka analibe maina awo. Angoni anawalemba kuti Mazitu, dzina limene analimva kwa anthu owaopa. Mu 1884, Walter Montagu Kerr anakhalako kwa Inkosi Chikuse, bambo wake wa Gomani Woyamba, nasimba za ulendowo m'buku lake la The Far Interior.

Mabuku amenewa ndi amtengo wapatali, pakuti asunga zaka, njira ndi maina a mafumu. Komabe mlendo amaona ndi maso akwawo, ndipo amamva kudzera mwa womasulira. Anaona zishango ndi nthungo, koma tanthauzo la ngoma, zithokozo za mafumu ndi mwambo wa m'khola la ng'ombe zinamupita patali.

Zimenezi zili m'mitu ya agogo, ndipo gogo akagona wosafunsidwa, amapita nazo kumanda. Pa Umhlangano wa ku Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V, eni mbiri amadzisimbira okha. Chatsala n'chakuti ana a Maseko afunse, amve, alembe, kuti adzukulu asadzafune dzina la agogo awo m'buku la munthu wodutsa.